Ntchito yowerenga anthu amene anaiwalika powerenga

Aphunzitsi aakulu atatipempha kuti tilembe za ntchito yathu m'kalata ino, tinayamba taseka, chifukwa ngakhale mayi athu otibala ntchitoyi sanaimvetsebe. Alendo akafika pakhomo amawauza kuti, "Wamkuluyu ndi dokotala koma sabaya jakisoni, wamng'onoyu amangoyeza fumbi." Ndife awiri, mchemwali ndi mchimwene wake, ndipo tonse tinakhalapo pa mabenchi amene mukukhalapowa. Lero timaphunzitsa ndi kuchita kafukufuku pa sukulu ya ukachenjede, m'gawo lotchedwa epidemiology ya kuntchito ndi malo okhala. Mwachidule, timafufuza kuti pa gulu la anthu ndani akudwala, ndi angati, ndipo ndi chiyani cha kuntchito kwawo, m'madzi awo kapena mu mpweya umene akupuma chimene chikuwadwalitsa. Dokotala wa kuchipatala amaona wodwala mmodzi ali kutsogolo kwake. Ife timaona mudzi wonse, mgodi wonse, ngakhalenso anthu amene sanafikeko kuchipatalako.

Kuti mumvetse chimene chinatikokera ku ntchito imeneyi, tiyambe ndi agogo athu aamuna.

Agogo anapita ku Joni ali mnyamata, monga anachitira anyamata ambiri a kwathu ku Mangochi masiku amenewo. Anagwira ntchito yoboola miyala pansi pa mgodi wa golide kwa makontirakiti angapo. Anabwerako ndi njinga, wailesi, sutikesi yachitsulo ndi ndalama zimene anagulira malata. Mudzi wonse unkawapatsa ulemu. Ife tinawapeza atakalamba, ndipo chimene timakumbukira kwambiri ndi kupuma kwawo. Mzikiti suli patali ndi nyumba yathu, koma Lachisanu ankanyamuka nthawi ikadalipo chifukwa ankaima katatu panjira: pa mtengo wa mango, pa mjigo, ndi pa mwala wina waukulu umene ana tinkautcha mpando wa agogo. Analandira mankhwala a chifuwa chachikulu kawiri. Atamaliza mankhwala kachiwiri anauzidwa kuti kachilombo katha, koma befu sanathe. Ena pamudzi ankati ndi ukalamba, ena ankati ndi fodya ngakhale agogo sanasutepo, ndipo panali ena amene ankanong'onezana kuti munthu wobwera ndi chuma chotere salephera kuchitiridwa nsanje. Anamwalira wamkulu wa ife ali Fomu 2.

Patapita zaka, mmodzi wa ife ali m'chaka chachitatu cha maphunziro a zaumoyo wa malo okhala ku Polytechnic ku Blantyre, imene lero ndi MUBAS, mphunzitsi anafotokoza za nthenda yotchedwa silicosis. Mwala wa m'migodi ya golide ya ku South Africa uli ndi silica wambiri. Ukaboolewa kapena kuphulitsidwa umatulutsa fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limadutsa mphuno ndi kholingo n'kukakhazikika pansi penipeni pa mapapo. Thupi limayesa kulichotsa koma limalephera, ndipo pomenyanapo mapapo amachita zipsera n'kuuma. Nthendayi kawirikawiri imaonekera patatha zaka 10, 20 kapena kuposerapo, imatha kupitirira kukula munthu atasiya kale ntchito, ilibe mankhwala ochiza, ndipo imatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Usiku umenewo panali foni yaitali pakati pa Blantyre ndi Zomba, kumene winayo ankaphunzira masamu ndi ziwerengero ku Chancellor College. Tinkangoti, "Mtengo wa mango uja. Mjigo uja."

Chimene chinatipweteka kwambiri titawerenga mozama sichinali nthendayo ayi, koma mmene anthu ngati agogo anasowera m'mabuku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Imfa zimenezo zinachitika tsiku limodzi, aliyense anaziona, ndipo boma linachitapo kanthu. Koma imfa za fumbi zinkachitika mmodzimmodzi, patatha zaka zambiri, m'midzi yotalikirana ya ku Malawi, Mozambique, Lesotho, Botswana ndi Eastern Cape. Palibe amene ankaziwerenga.

Apa m'pamene pali phunziro loyamba la ntchito yathu. Ukalowa mu mgodi lero n'kuyeza onse amene ali pantchito, upeza kuti ambiri ndi amphamvu, mwinanso kuposa anthu a kunja. Ukhoza kunyengeka n'kunena kuti mgodiwo ndi wabwino. Koma polemba ntchito anasankha athanzi okhaokha, ndipo amene anayamba kufooka anapatsidwa tikiti yobwerera kwawo. Otsalawo ndi amene fumbi silinawagwetsebe. M'kalasi timachitcha kuti healthy worker effect, koma ife timangokumbukira agogo: pa tsiku limene wina aliyense akanabwera kudzawerenga odwala pa mgodi wawo, iwo anali atakhala pa mwala uja ku Mangochi.

Amene anasintha zinthu ndi ofufuza amene anaganiza zotsatira anthuwo kumidzi. Mu 1997 panatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Thamaga m'dziko la Botswana, kumene anajambula zifuwa za abambo amene anagwirapo ntchito m'migodi, n'kupeza kuti oposa 25 mwa 100 aliwonse anali ndi zipsera za fumbi m'mapapo. Mu 1998 Anna Trapido ndi anzake anafalitsa zofanana nazo kuchokera ku Libode ku Eastern Cape, kumene chiwerengero chinaposa 20 mwa 100 aliwonse. Mu 2004 Gavin Churchyard ndi anzake anaonetsa kuti ngakhale pakati pa achikulire amene anali akadali pantchito mu mgodi wa golide, pafupifupi 1 mwa 5 aliwonse anali ndi silicosis. Mapepala amenewa ndi afupiafupi, odzaza ndi manambala, ndipo poyamba anawerengedwa ndi anthu ochepa. Koma umboni wa mtundu umenewu ndi umene unapangitsa kuti nkhani ya fumbi isakhalenso mawu a munthu mmodzi wodwala potsutsana ndi kampani yaikulu.

Mu Malichi 2011 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti munthu wogwira ntchito mu mgodi ali ndi ufulu wosumira kampani imene inamudwalitsa. Mwini mlanduwo, Thembekile Mankayi, anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti chigamulo chiperekedwe. Mu 2016 khoti linalola kuti ogwira ntchito asume ngati gulu limodzi. Mu 2018 makampani 6 a migodi ya golide anavomera kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni rand, khoti linavomereza mgwirizanowo mu 2019, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti lizipereka chipukutamisozi kwa odwala silicosis kapena chifuwa chachikulu chochokera kuntchito, ndi kwa mabanja a omwalira, mwa amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019. Werengani nokha: kuchokera ku Thamaga kufika pa chigamulo chomaliza panadutsa zaka 22.

Nkhaniyi itamveka, amalume athu anatiitana kumudzi. Anatsegula sutikesi yachitsulo ija. Munali chithunzi cha agogo atavala chipewa cha mu mgodi, makalata awiri ndi lamba. Munalibe chithunzi cha m'chifuwa, munalibe pepala losonyeza chimene anamwalira nacho, ndipo kabuku ka kuchipatala kanadyedwa ndi chiswe. Amalume anatiyang'ana n'kunena kuti, "Inu ndinu ophunzira za zimenezi. Lembani kalata yoti bambo anafa ndi fumbi." Tinakhala chete nthawi yaitali. Kenako wamkulu wa ife anati, "Amalume, mumtima timakhulupirira choncho, koma sitinawayeze. Tikalemba chimene sitinayeze, mawa palibe amene adzakhulupirire chimene tayeza." Amalume sanatilankhule bwino kwa miyezi ingapo. Sitikuwaimba mlandu. Tsiku limenelo tinaphunzira kuti ntchito yathu imatha kunena zoona za anthu 1,000 koma n'kulephera kuthandiza munthu mmodzi amene umamukonda, ngati panalibe wina amene analemba dzina lake ndi kumuyeza nthawi ikadalipo.

Tsopano tikuuzeni mmene njira yake imayendera, poti ena mwa inu mukusankha maphunziro. Khomo lolowera si limodzi. Ena amayambira ku udokotala kapena unamwino, ena ku zaumoyo wa malo okhala, ena ku masamu, Chemistry kapena Biology. Ife tinalowera makomo awiri osiyana n'kukumana mkati. Digiri yoyamba ikatha pamafunika yachiwiri, ya zaumoyo wa anthu onse kapena ya epidemiology, imene imapezeka ku Kamuzu University of Health Sciences, komanso kunja monga ku University of Cape Town, ku Wits ku Johannesburg kapena ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Wofuna kukhazikika pa uphunzitsi wa pa yunivesite amafunikanso PhD, imene imatenga zaka 3 kapena 4, nthawi zina kuposerapo. Pakati pa madigiriwa ambiri a ife tinagwirapo ntchito yothandizira kafukufuku wa ena: kufunsa mafunso khomo ndi khomo, kulemba mayankho mu kompyuta, kunyamula zipangizo. Musaipeputse ntchito imeneyo. Ndi kumene munthu amaphunzira kuti nambala iliyonse ya pa pepala inachokera pakamwa kapena pachifuwa pa munthu wamoyo.

Tsiku lathu la ntchito silifanana ndi la mu filimu. Wamng'ono wa ife amadzuka m'bandakucha kupita kwa amayi ophwanya miyala m'mbali mwa msewu. Aliyense wovomera amamumangirira kapampu m'chiuno, kolumikizidwa ndi kapaipi kofika pa kolala pafupi ndi mphuno. Kapampuko kamakoka mpweya tsiku lonse la ntchito, fumbi n'kumatsalira pa kasefa kakang'ono. Kasefako kamayezedwa kulemera kwake ntchito isanayambe ndiponso itatha, pa sikelo yosamva bwino ngakhale mphepo ya pazenera. Kenako amayiwo amauzira mpweya mwamphamvu m'makina oyeza mphamvu ya mapapo, katatu kapena kuposerapo mpaka zotsatira zigwirizane. Wamkulu amatenga manambalawo n'kuyamba kuwakayikira. Kodi amene mapapo awo ndi ofooka ndi chifukwa cha miyala, kapena chifukwa ndi achikulire, kapena amaphikira nkhuni m'khitchini yopanda zenera, kapena anadwalapo chifuwa chachikulu? Nanga amene anasiya kuphwanya miyala chifukwa cha befu ali kuti, ndipo tiwapeza bwanji? Zonsezi zisanayambe pamafunika chilolezo cha komiti yoteteza anthu ochita nawo kafukufuku, cha mafumu, ndi cha munthu aliyense payekha atamvetsa bwino ndipo ali ndi ufulu wokana. Kupatula apo pali kuphunzitsa, kuchonga mayeso, kuyang'anira ophunzira ndi kulemba makalata opempha ndalama za kafukufuku, amene ambiri amakanidwa. Pepala lathu loyamba linabwezedwa kawiri. Kachiwiriko wounika wina analemba kuti anthu amene tinawayeza anali ochepa kwambiri moti sitinganenepo kanthu. Tinakwiya sabata yathunthu, kenako tinavomereza kuti ankanena zoona.

Pali chinthu chinanso chimene tikufuna muchidziwe musanasankhe: nthawi zina manambala amakana chimene mtima wako ukufuna. Chitsanzo chili konkuno. Tonse timadziwa utsi wa nkhuni m'khitchini, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa zichepetsa chibayo mwa ana. Kafukufuku wotchedwa Cooking and Pneumonia Study, wotsogoleredwa ndi Kevin Mortimer wa ku Liverpool School of Tropical Medicine, anayesa zimenezi m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, pa ana oposa 10,000 osakwana zaka 5. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zokhala ndi kachipangizo kouzira mphepo, ena anapitiriza kuphika pa mafuwa, ndipo anawo anatsatiridwa mpaka zaka 2. Zotsatira zitatuluka m'magazini ya The Lancet kumapeto kwa 2016, chibayo sichinachepe mwa ana a mabanja olandira mbaula, ngakhale kuti ana opsa ndi moto anachepa. Ofufuzawo anagwira ntchito zaka zambiri, ndipo akanakondwa kwambiri zikanatuluka mwina. Komabe anafalitsa chimene anapeza. Izi sizinatanthauze kuti utsi ndi wabwino, koma kuti mbaula yokha siikwanira pamene mwana akupumabe utsi wa zinyalala zotenthedwa, wa makhitchini a oyandikana nawo ndi wa mafuwa amene banja limabwererako mbaula ikawonongeka. Munthu amene sangapirire kumva kuti ganizo lake linali lolakwika ntchito ino imuvuta.

Za ndalama tisakunamizeni. Anzathu amene tinalemba nawo mayeso a MSCE n'kulowa bizinesi anamanga nyumba ife tikadali ophunzira. Makontirakiti a kafukufuku amatha ndalama za polojekiti zikatha. Maphunziro a kunja anatichititsa kusowa pa maukwati ndi pa maliro a abale. Kwa mchemwali panalinso mafunso a azakhali akuti sukuluyi idzatha liti, ndipo chimene chinathandiza ndi chakuti bambo athu ankayankha okha asanafunsidwe mwiniwake. Makolo amene mukuwerenga kalata ino, mawu anu amodzi pa nthawi ngati imeneyo amalemera kuposa fizi.

Nanga n'chifukwa chiyani tikukuitanirani ku ntchito yotere? Chifukwa anthu osawerengedwa adakalipo, ndipo ambiri ndi abale anu. Amalawi ambiri sagwira ntchito m'makampani okhala ndi kaundula, koma m'minda, m'misika, m'magalaja ndi m'migodi ing'onoing'ono. Wothyola fodya wamame ndi manja amalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu, n'kumachita chizungulire ndi kusanza, anthu n'kumati ndi malungo. Wopopera mankhwala m'thonje kapena m'tomato nthawi zambiri savala chodzitetezera chilichonse. Wowotcherera zitsulo, wotentha makala, wosweka msana ndi matumba pa depoti, mayi wowamba nsomba pa utsi m'mbali mwa nyanja, onsewa ali ndi matenda a ntchito yawo. Dziko lathu lili ndi lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, ndiponso la 2000 la chipukutamisozi kwa ovulala pantchito, koma lamulo limagwira ntchito pamene pali umboni, ndipo umboni umafuna munthu woti akayeze. Kwa anansi athu ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mtovu udakali m'dothi limene ana amaseweramo, ndipo zinadziwika kukula kwake chifukwa ofufuza anayeza magazi a anawo. Mtovu suoneka, sununkha, ndipo umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Popanda woyeza, mwana wotero amangotchedwa wopanda nzeru.

Inu muli ndi chimene katswiri wochokera kunja alibe. Mumalankhula Chichewa ndi Chiyao. Mumadziwa kulowa pakhomo pa munthu wamkulu, pokhala, ndi mmene mungafunsire mayi za chifuwa chake osamuchititsa manyazi. Mumadziwa kuti munthu akati "ndine mlimi" akhoza kukhalanso msodzi miyezi itatu, woumba njerwa miyezi iwiri, ndipo anakhalapo zaka 8 ku Joni zimene sanazitchule chifukwa simunamufunse. Kalekale mu 1700 dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba buku la matenda a anthu a ntchito zosiyanasiyana, ndipo analangiza madokotala anzake kuti azifunsa wodwala ntchito imene amagwira. Padutsa zaka zoposa 300, koma agogo athu analandira mankhwala a chifuwa chachikulu kawiri popanda wowafunsa kumene anakhala ali mnyamata.

Kwa amene mwakopeka, limbikirani masamu, chifukwa ndiwo khasu la ntchito ino. Musanyozere Biology, Chemistry ndi Physics. Chingerezi chiphunzireni mpaka muzitha kulemba tsamba limodzi lomveka bwino lopanda mawu okometsera. Mukapeza mwayi wa kompyuta, pulogalamu yowerengera yotchedwa R ndi yaulere pa intaneti. Ndipo pali ntchito imene mungayambe pa holide ikubwerayi popanda digiri iliyonse. Ngati kwanu kuli agogo amene anapita kumigodi, khalani nawo pansi ndi kope. Afunseni dzina la mgodi, zaka zimene anagwira, ntchito yeniyeni imene ankachita pansi, ndi nambala yawo ya ntchito ngati akuikumbukira. Sonkhanitsani mapepala awo onse, muwajambule ndi foni, muwasunge m'pulasitiki kutali ndi chiswe. Ngati akutsokomola kapena akuchita befu, aperekezeni kuchipatala ndipo muuze adokotala kuti anagwirapo ntchito mu mgodi. Chenjeraninso ndi anthu oyendayenda ofuna ndalama kuti akulembetseni chipukutamisozi cha Tshiamiso, chifukwa kulembetsako n'kwaulere.

Mwala uja udakalipo panjira ya ku mzikiti. Ulendo wapitawu tinapeza amalume atakhalapo, akudikira ife. Sanabwererenso ku nkhani ya kalata ija. Anangotulutsa kapepala m'thumba, pamene analembapo mayina 6 a anzawo a agogo amene adakali moyo m'midzi yoyandikana nayo, n'kunena kuti, "Awa ndiye muwapeze msanga." Tinayamba ndi wa pamwamba tsiku lomwelo, tisanadye nsima.

Tikufunirani mayeso abwino. Insha Allah, ena mwa inu tidzakumana m'kalasi.